Matemba Kuseri kwa Mpando

Ntchito ya Aloysius Namakhwa inkayamba pamene ya anzake yaima. Katapila akamabangula, akukumba maziko kapena kukankha dothi, panalibe womukumbukira. Koma chimakinacho chikangoti zii dzuwa lili pamutu, madalaivala a matipa n'kutsika kukaothera dzuwa, foni yake inkalira. Ankafika pa kapikiapu koyera ka kampani yobwereketsa makina, chikwama cha zida paphewa, laputopu m'khwapa. Akamaliza, injini n'kudzuka, aliyense ankathamangira pamalo pake, iye n'kumalongedza zida popanda womuyang'ana. Ankafika anthu atakwiya, n'kuchoka anthu atatanganidwa. Zaka zake zambiri za ku Joni zinadutsa choncho.

Kwawo kunali ku Phalombe, kufupi ndi doko la Swang'oma pa nyanja ya Chilwa. Mayi ake ankawamba matemba n'kumakagulitsa pamsika, ndipo iye anakula malaya ake akununkha utsi ndi nsomba. Zamagetsi anaziphunzirira pakhonde la sitolo ina ku Limbe, kwa mkulu wina wokonza mawailesi, kenako anayamba kukonza mawaya a maminibasi. Atamva kuti ku Joni munthu wa manja abwino sagona ndi njala, anatsanzika mkazi wake Esitere, nati abwerako pakatha zaka ziwiri. Zaka ziwirizo zinabereka zinzake. Mafoni awo anayamba kufupika, kenako ankangofunsana za mvula, mpaka tsiku lina amalume a Esitere anamuuza mwaulemu kuti mwana wawo sangakalambe akudikira. Aloysius sanakwiye. Anangoti wamva.

Manja abwinowo analidi nawo, ndipo anafika nawo pa nthawi yake, makatapila akusintha. Akale anali chitsulo, dizilo ndi oyilo basi. Akafa, makaniko ankadziwa pogwira. Atsopanowa ali ndi makompyuta m'mimba: ina yoyang'anira injini, ina yoyang'anira mapampu okweza mkono, ina yoonetsa dalaivala zonse pagalasi la kutsogolo kwake. Makompyutawa amauzana zinthu mosalekeza kudzera m'mawaya awiri ang'onoang'ono, wachikasu ndi wobiriwira, opotana ngati chingwe cha khonje kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Mawayawa akaduka kapena akakhudzana, injini imakhala yabwinobwino, mapampu abwinobwino, koma palibe chomva chinzake, ndipo chimphona chonsecho chimangoima mkono uli m'mwamba.

Aloysius ankaikonda ntchitoyi chifukwa masamu ake ndi achidule. Kumapeto konse kuwiri kwa mawayawo kuli kachitsekero kakang'ono, ndipo kalikonse pakokha mita yoyezera magetsi imakawerenga 120. Tonse tiwiri tikalumikizana bwino, mita imawerenga theka lake, 60. Ikaonetsa 120, ndiye kuti mbali imodzi yaduka. Ikatsikira ku ziro, mawaya akhudzana penapake. Chotsala ndi kuleza mtima: kuchotsa batire, kuika mita pooneka, n'kumatsatira mtolo wa mawayawo ukuugwedeza pang'onopang'ono mpaka nambala isunthe. Pochita zimenezi sankafuna munthu pafupi. Dalaivala ankamuthamangitsa, kapitawo ankamupempha kuti akadikire kuofesi. Ankati anthu amamusokoneza. Zoona zake zinali zakuti anthu amafunsa mafunso, ndipo sachedwa kufika pa lakuti kwanu n'kuti.

Funso limenelo anayamba kuliopa mu 2008. Nthawi imeneyo ankachita lendi kachipinda kakuseri kwa nyumba ina ku Alexandra. Mayi ake ankamutumizira matemba pa basi, ndipo phukusi likafika ankakazinga chitseko chili pululu, fungo n'kudzaza bwalo lonse. Anansi ena ankaseka, ena ankatseka mphuno. Mwezi wa Meyi, gulu la anthu a zibonga litalowa m'bwalomo kufunafuna alendo, silinafunse mapepala a munthu aliyense. Wina anangoloza n'kunena kuti, "Chipinda chonunkha nsomba chija." Aloysius anadumpha mpanda wakumbuyo atavala ovololo yokha. Atabwerera zinthu zitazizira, anapeza loko wina pachitseko ndi makatani a munthu wina pazenera.

Anasamukira ku Doornfontein, m'chipinda cha pamwamba m'nyumba yosanja yakale, n'kupeza ntchito kukampani ina. Kapitawo wa kumeneko, Thulani, atamva Chizulu chake chopindika anaganiza kuti ndi Mvenda wa ku Limpopo, n'kuyamba kumutchula choncho. Aloysius sanamukonze. Anauza mayi ake kuti asiye kutumiza nsomba, akuti zikuwonongeka panjira, ndipo mayiwo anamwalira chaka chotsatira akukhulupirira zimenezo. Iye ankadya buledi, mazira, nkhuku, zakudya zosaulula kwawo kwa munthu.

Chovuta chinali chakuti ku Doornfontein ndi kumene katundu wambiri wa ku Malawi amatsikira. Loweruka anyamata ankayala malonda m'mbali mwa msewu wake womwewo: nandolo, mtedza, tsabola wa kambuzi, zitenje, usipa ndi matemba m'timapepala, akuitanira ogula m'Chichewa chosakaniza ndi Chizulu. Iye ankawoloka n'kumayenda tsidya linalo. Anyamatawo ankangomudziwa ngati bambo wa laputopu amene sagula kanthu.

M'nyengo yozizira ya 2015, patangopita miyezi yochepa alendo atathamangitsidwanso m'madera ena, katapila wina anayamba kuvuta pamalo amene ankamangapo nyumba yosungiramo katundu kufupi ndi Marlboro. Ankakumba bwinobwino, kenako galasi n'kuyaka chenjezo lofiira, mkono n'kuuma. Akamuzimitsa n'kumuyatsanso ankagwira pang'ono, n'kufanso. Dalaivala wake anali bambo wachikulire, wojintcha, wa ndevu za imvi zoduliridwa bwino, amene onse ankangomutchula Madala. Pakhadi la pachifuwa pake panalembedwa kuti Binali. Aloysius ataona dzinalo, n'kuonanso mmene bamboyo anagwirira mkono wake wamanja ndi dzanja lamanzere popereka moni, anadziwa kumene akuchokera. Anayankha m'Chizulu n'kuwapempha kuti akadikire patali.

Ulendo woyamba laputopu inanena kuti makompyuta akhala akutayana, koma mita inaima pa 60 ngati yokhomerera. Anatsuka mapulagi onse n'kuchoka. Ulendo wachiwiri anasintha pulagi ya pafupi ndi injini imene inali ndi dzimbiri. Mawa lake foni inaliranso.

Ulendo wachitatu anapeza Thulani akumudikira pageti, manja m'matumba a jekete.

"Mvenda, tamvera," anatero kapitawoyo m'Chizulu. "Abwana atopa. Makinawa ukakhalapo iwe ali bwino, akangokwera Madala afa. Ndiye wodwala ndani?"

"Makinawo ali ndi vuto."

"Lili pati? Waliona?"

"Sindinalione."

"Eish. Abwana akuti mdalayu wakalamba, akuseweretsa mawaya kuti azipuma. Ine sindikudziwa. Koma ukapanda kupeza kanthu lero, Lachisanu akupita. Taona anyamata ali kunja kwa getiwa, onsewa akufuna mpando umenewo."

Aloysius anachotsa batire, analumikiza mita, n'kuiimika pazenera la kanyumba ka dalaivala kuti aziiona ali kunja. Mmawa wonse anakwawa pansi, anakwera pamwamba, akugwedeza mtolo wa mawaya chikhato ndi chikhato. Mphepo yozizira inkamuthira fumbi m'maso, zala zinachita dzanzi. Nambala sinasunthe. Anabwereza kuchokera kumbuyo. Inali 60 yomweyo. Patali, pamulu wa njerwa, Che Binali anali atakhala okha, chifukwa nkhani ya Lachisanu inali itawanda ndipo anzawo sankadziwa chowauza.

Cha m'ma 12 Aloysius anali atagwada pamwamba pa chimakinacho, pafupi ndi mapampu, pamene anamva chitseko cha kanyumba chikutseguka. Che Binali anali atakwera kudzatenga jekete lawo. Atalitenga sanatsike msanga. Anakhala pampando, anaukankhira kumbuyo monga ankachitira tsiku lililonse kuti mimba ipeze malo, n'kuika manja pa zogwirira ngati munthu wotsanzika ng'ombe yake. Aloysius anakweza dzanja kuti agogode pagalasi awathamangitse. Dzanjalo linaima m'malere. Mita inali pa ziro.

Anatsika mothamanga n'kuima pachitseko.

"Dzukani, baba."

Mkuluyo anadzuka mwamanyazi, akupepesa. Mita inabwerera pa 60.

"Khalaninso. Kankhani mpando ngati poyamba."

Ziro.

"Dzukani."

"Kodi tabwerera kusukulu?" anafunsa Che Binali m'Chizulu chawo cha kumigodi.

Aloysius sanaseke. Anali atazindikira chimene chinamuphonya maulendo onsewo: vutolo linkabwera munthu akakhala pampando, ndipo iye nthawi zonse ankayamba ndi kuthamangitsa munthuyo. Anakokera mpando kutsogolo. Kuseri kwake kunali kabokosi kachitsulo kokhala ndi chivundikiro, mmene mtolo wa mawaya unkadutsa popita pansi. Che Binali anatsokomola, anafuna kunena kanthu, koma chivundikiro chinali chitatseguka kale.

Fungo ndi limene linayamba kutuluka. Linali la utsi wa nkhuni, mchere ndi matope a m'madambo, ndipo linamufika Aloysius pakhosi asanaone kanthu. M'kona munali jumbo lakuda lokutidwa ndi nyuzipepala, lobooka pansi. Pambali pake panali chisa cha timapepala tong'ambika ndi zitosi za makoswe. Chikopa cha mtolo wa mawaya chinali chitadyedwa, ndipo wachikasu ndi wobiriwira anali pamtunda, opanda chovala, utali wa chala chachikulu. Mpando ukabwerera kumbuyo unkakankha chivundikiro, chivundikiro n'kukankha jumbo, jumbo n'kuphatikiza mawayawo.

Aloysius anatola kansomba kamodzi kamene kanagwa, anakatembenuza padzanja, n'kumva pakamwa pake pakutuluka mawu amene sanawakonzekere.

"Awa ndi a ku Chilwa."

Che Binali anatsamira pachitseko.

"Mwati chiyani, achimwene?"

"Ndati matembawa ndi a ku Chilwa. Owamba ndi nkhuni, osati oyanika."

"A ku Mposa amenewo," anatero mkuluyo pang'onopang'ono, akumuyang'anitsitsa. "Mwana wanga wamkazi ndiye amawamba. Inu ndinu a kuti?"

"Ku Swang'oma."

"Mlomwe! Ha! Maulendo onsewa mukundiyankhula Chizulu chothyoka ngati mpando wa kutchalitchi, kani ndinu a tsidya lomweli? Ndiye makoswewa si ndiwo zanu? Mukanangowagwira tsiku loyamba lija, bwenzi nkhani itatha."

"Ife timadya mbewa za kumunda, Che Binali, osati makoswe a m'tauni."

"Mbewa, khoswe, mchira ndi umodzimodzi."

Anaseka onse awiri, motsitsa, akuyang'ana ku ofesi. Aloysius anamva nsagwada zikuwawa. Anali atasiya kuseka ndi pakamwa ponse kalekale. Koma kusekako sikunakhalitse. Onse ankalidziwa lamulo la pamalopo: m'makina simulowa chakudya, ndipo wowononga makina chifukwa cha kusasamala amachoka tsiku lomwelo, osadikira Lachisanu.

"Munawasungiranji muno?"

"Nanga ndikawasunga kuti? Ndimakhala ku Alexandra, achimwene. Mwezi wa Epulo anthu anaima pakhomo panga. Mnansi wanga ndiye anawauza kuti mdalayu musiyeni, sasokoneza munthu. Sindikufuna kumuyesa kawiri. Fungo limeneli likangotuluka pazenera, msewu wonse ukumbukira kuti ndilipo. Ndiye masana ndimatseka magalasi muno, ndimatafuna angapo ndi buledi, basi ndakhala kwathu pang'ono." Kenako anafunsa, "Mukanena?"

Aloysius anayang'ana mawaya odyedwawo. Akanena kuti sanapeze kanthu, mkuluyu apita Lachisanu. Akanena zonse, apita lero. Ndipo jumbolo likatsala, makoswe abweranso, waya wina adyedwanso. Kulitaya m'bini ya pamalopo kunali ngati kukalipereka m'manja mwa Thulani.

"Makoswe ndiwanena, chifukwa alipo," anatero. "Koma awa sangagone muno."

"Tengani inuyo. Ndakupatsani. Mlomwe sataya ndiwo."

Aloysius anaganiza za makwerero a ku Doornfontein, za zitseko zonse zimene amadutsa popita kuchipinda chake, za anthu amene amapatsana nawo moni wa mutu osadziwana mayina. Kuyambira tsiku lodumpha mpanda lija, fungo limeneli linali lisanalowe pamene iye amagona. Kenako anatsegula chikwama cha zida, anasuntha mapulayasi, n'kukankhira jumbolo pansi.

Kukonza kwenikweniko sikunatenge nthawi. Anadula podyedwapo, anawotcherera mawaya atsopano, anawapota mofanana ndi akalewo, anawaveka chikopa n'kuwadutsitsa m'mbali mmene chivundikiro sichingawafike. Anasesa chisa, anapukuta kabokosi ndi kansalu ka dizilo, n'kutseka ndi kawaya ka sefa bowo la pansi limene makoswe ankalowera. Che Binali anakhala pampando, anaukankha mpaka kumapeto, anadzigwedeza ngati ali pa njinga ya kabaza. Mita inakana kuchoka pa 60.

Injini italira, Thulani anatuluka mu ofesi. Aloysius anamupatsa kachidutswa ka waya kodyedwa kaja.

"Makoswe."

"Makoswe?" Thulani anakayang'ana moipidwa. "Makina onsewa amagona malo amodzi. Bwanji awa okha?"

"Pansi pa bokosi panali bowo, ndipo muno mumafunda. Ndatseka."

Kapitawoyo anakwera, analowetsa mutu m'kanyumba, anangomva fungo la dizilo. Koma potsika anaponda pafupi ndi chikwama cha zida, n'kuima. Anakweza mphuno.

"Chikununkha n'chiyani? Madala, wena, wakhala ukudyera muno?"

Che Binali anayang'ana zogwirira zawo.

"Chikununkha m'chikwama changa," anatero. "Ndi nsomba zanga."

Anatsegula. Thulani anasuzumira n'kubwerera m'mbuyo.

"Haibo! Tinthu timeneti si timene amadya Amalawi?"

"Eya. Ndine Mmalawi."

Madalaivala awiri a matipa amene anali pafupi anasiya kucheza. Thulani anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Zaka zonsezi ndikukuitana Mvenda, iwe n'kumavomera?"

"Simunandifunse."

Thulani sanali wopusa. Anayang'ana Che Binali, anayang'ana chikwama, anayang'ananso kachidutswa ka waya kali m'dzanja lake. Kenako anayang'ana matipa amene anali atandanda opanda dothi kuyambira mmawa. Anaponya kachidutswako m'thumba la jekete.

"Ndikawaonetsa abwana makoswe awo. Iwe chotsa zonunkha zakozo pano. Madala, kumba!"

Lachisanu linadutsa Che Binali ali pampando wawo. Thulani sanamuchitire Aloysius choipa chilichonse. Anangosintha dzina: tsopano ankamuitana kuti Malawi, mokuwa, kuchokera mbali ina ya bwalo kufika inzake, aliyense akumva. Ena mwa anyamata amene kale ankamugwedezera mutu anayamba kuyang'ana kumbali. Ena sanasinthe. Aloysius ankaona zonsezo monga mmene amaonera mita.

Lamulungu lotsatira Che Binali anakwera makwerero a ku Doornfontein akupuma mwa befu, atavala mkanjo woyera ndi kachisoti, atanyamula tomato ndi anyezi m'kapepala.

"Ndabwera kudzaona ngati akaidi anga akusamalidwa," anatero pachitseko, akunena matemba aja.

M'chipindamo munali bedi, mpando umodzi, mbale imodzi ndi kapu imodzi. Mlendo anapatsidwa mpando ndi mbale, mwini nyumba anakhala pa bokosi la zida n'kumadyera m'chivundikiro cha poto. Asanayatse sitovu, Aloysius anatseka zenera n'kutsekera thaulo pansi pa chitseko. Che Binali ataona, anangothandiza kukankha thaulolo ndi phazi. Utsi unadzaza m'chipinda mpaka maso anayamba kutuluka misozi, ndipo aliyense anati ndi anyezi.

Anacheza mpaka dzuwa kupendeka. Anakangana za chaka chimene nyanja ya Chilwa inauma, anthu n'kumayenda pansi kupita ku chilumba cha Chisi. Che Binali anafotokoza za bambo awo amene anagwira m'migodi n'kubwerera ndi njinga ndi chifuwa, ndi za mwana wawo wamkazi amene ankati akadzabwerera adzawamangira khonde loti azikhalapo. Aloysius anapeza kuti mawu ena a Chichewa akumuthawa. Ankati akafuna kunena, Chizulu n'kumatsogola.

"Lilime lanu lachita dzimbiri ngati pulagi ija munasintha pachabe," anatero mkuluyo. "Ndizibwera Lamulungu, ndizilitsuka."

Nthawi ya swala itakwana, anapempha madzi ndi kona yoyera. Aloysius anayala thaulo lina pansi, n'kukhala pabedi mwakachetechete, akumvetsera munthu wina akupuma m'chipinda mwake.

Mkati mwa sabata anatsikira ku masitolo opikulitsa n'kugula mbale yachiwiri, kapu yachiwiri ndi kampando kapulasitiki. Che Binali anabweranso Lamulungu linalo, anayesa kampandoko n'kunena kuti akapanga poganizira Alomwe owonda. Anadya, anatsutsana za mpira, n'kupangana kuti ulendo wina aphika ndi therere.

Lolemba lake Aloysius anapita ku Marlboro kukaona chogudubuza msewu chimene chinkavuta kuyaka. Pamalo pamene pankaima katapila uja panali matayala a chilole chachikulu atadinda m'fumbi.

"Malawi!" anakuwa Thulani. "Ukufuna bwenzi lako? Wapita m'mawa uno. Kampani yapeza ntchito ku Kathu, kumigodi ya kutali uko, ndipo abwana anati titumize makina amene sakuvuta. Kuyambira tsiku lija sanatsokomoleko n'kamodzi komwe. Wagwira ntchito yabwino, mfowethu."

"Abwerera liti?"

"Ntchito ikatha. Mwina chaka, mwina ziwiri. Ukudandaula chiyani? Mdalayo ali pantchito."

Zinali zoona. Aloysius anagwedeza mutu n'kupita kukatsegula chogudubuza chija.

Che Binali anaimba foni atafika. Anati kumeneko dothi ndi lofiira ngati la ku Thyolo koma kopanda tiyi, ndipo makoswe ake ndi aakulu moti Mlomwe akhoza kulemera. Anaimbanso kangapo. Koma onse awiri sanali anthu a pafoni. Nkhani zawo zinkafuna mbale pakati, ndipo popanda mbaleyo ankangofunsana za kuzizira n'kutsanzikana. Aloysius ankadziwa kumene mafoni otere amathera.

Matemba otsala anawadya yekha, pang'onopang'ono, kuti asathe msanga. Tsiku lophika omaliza anatseka zenera monga mwa masiku onse, anatsekera thaulo, anayatsa sitovu. Utsi utayamba kumutsamwitsa, anaima pakati pa chipinda kwa kanthawi. Kenako anakankha zenera, anachotsa thaulo n'kulipachika pamsomali. Fungo linatuluka n'kutsika makwerero. Anamva mapazi a munthu akubwera m'khonde, akuchepetsa liwiro pafupi ndi chitseko chake. Anadikira supuni ili m'manja. Mapaziwo anapitirira. Anapakula m'mbale imodzi, inzake ija ili pashelefu, n'kukhala pa kampando kapulasitiki.

Loweruka sanawoloke msewu. Anaima pa malonda a mnyamata wina dzina lake Maliki, amene anamulonjera m'Chizulu monga amachitira ndi ogula osawadziwa.

"Matembawa ndi a kuti?" anafunsa Aloysius.

Maliki anatsegula pakamwa, anayang'ana anzake, n'kubwezera maso kwa iye.

"Aaa, bambo a laputopu! Kani ndinu athu? A ku Chilwa enieni amenewa, atsika dzulo lomweli."

Aloysius anatola kamodzi, anakanunkhiza.

"Usandinamize, iwe. Awa sanaone utsi."

"Chabwino, chabwino, mwandigwira. Koma basi ikubwerayi muli owamba, ndikusungirani. Dzina ndani?"

Anamuuza. Anagula omwewo, anawaika m'thumba la jekete, n'kukwera yekha kuchipinda chake.

Masana omwewo foni inalira. Katapila wina anali atafa pa ntchito yoika mapaipi ku Orange Farm, ulendo wautali kum'mwera. Anafika anthu atakwiya monga mwa nthawi zonse. Dalaivala wake, munthu wamtali amene anali atamva kale mbiri ya makaniko wosafuna anthu, anatenga chipewa chake n'kuyamba kutsika.

"Ayi, musachoke," anatero Aloysius, akulumikiza mita. "Khalani pampando mmene mumakhalira masiku onse."

Dalaivalayo anakhala, anayang'ana mita, anayang'ana iye.

"Kwanu n'kuti, mfowethu?"

"Ku Malawi," anayankha Aloysius, maso ali pa nambala. "Tagwedezekani pang'ono."